Kuseka Woberedwa Ndiko Kuthandiza Mbala

Nkhani iyi yamveka kale m'misika yambiri ya dziko lino, kotero kuti palibe chifukwa chotchulira dzina la munthu kapena la malo. Mayi wina wogulitsa tomato ali pabenchi pake masana, ndipo lamya yake ya m'manja ilira. Poyang'ana, apeza uthenga wonena kuti walandira ndalama zokwana K40,000 kuchokera kwa munthu amene iye samudziwa. Asanaganize n'komwe, lamya ija ilira kachiwiri. Woyankhulayo ndi bambo wa mawu aulemu, ndipo akumveka ngati munthu amene wagwira njakata. "Pepani mayi, ndalakwitsa nambala. Ndalamazo n'zogulira bokosi la maliro a mwana wanga, ndipo anthu akundidikira kuchipatala. Chonde mundibwezere, Mulungu akudalitsani." Mayi uja, amene nayenso adaikapo mwana m'manda, sachedwa ayi. Atumiza ndalama zija pamodzi ndi mawu achipepeso. Madzulo, pofuna kupikula tomato wa mawa, apeza kuti ndalama zonse za geni yake zapita. Uthenga woyamba uja udali wabodza, wolembedwa ndi zala za mbala. Palibe tambala imene idalowa, koma zimene zidatuluka zidali ndalama zenizeni.

Kuba kotereku n'koipa, koma chimene chimatsatira pambuyo pake n'choipa koposa, ndipo n'chimene chiyenera kudzudzulidwa mosapsatira mawu. Mayi uja akangoyamba kufotokozera anzake a pamsika, onse amafa nalo phwete. Wina amawomba m'manja nati, "Inunso mayi, zimenezi simudazimve mpaka lero?" Wina amapukusa mutu nati, "Umbuli ndi matenda ndithu." Akafika kunyumba, mwamuna wake amamulalatira ngati kuti iye ndiye wakuba. Pofika mawa lake, mayi uja amakhala ataphunzira chinthu chimodzi chokha, chakuti munthu akaberedwa palamya azitseka pakamwa. Sapita kupolisi, sadziwitsa kampani ya lamya, sachenjeza ngakhale mchemwali wake. Tsono mbala ija, poona kuti kunja kuli zii, imaimbira mayi wa pabenchi lotsatira, ndi mawu omwe aja, ndi maliro omwe aja a mwana amene sadabadwe n'komwe. Aliyense woseka munthu woberedwa akulimira mbala munda, ngakhale kuti mbalayo simulipira kanthu.

Chinyengo chotere sichidayambe ndi lamya za m'manja. M'zaka za m'ma 1800, anthu a ku Ulaya ndi ku Amereka ankalandira makalata onena za munthu wolemera amene watsekeredwa m'ndende ku Spain, ndipo akusowa kandalama kochepa kowombolera ufulu wake kuti pambuyo pake agawane chuma ndi womuthandizayo. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 bodza lomweli lidavala malaya ena, n'kumachokera makamaka ku Nigeria kudzera papositi ndi pamakina a fakisi. Lidatchedwa 419 potsata nambala ya gawo la malamulo a dzikolo loletsa kupeza chuma mwachinyengo. Komabe wakuba wa masiku amenewo ankayenera kugula pepala, envulopu ndi sitampa pa kalata iliyonse, motero mkono wake sunkafika patali. Kubwera kwa makalata oyenda pakompyuta, otchedwa imelo, kudagwetsa mpanda umenewu. Pa 3 May 1978, Gary Thuerk, wotsatsa malonda wa kampani ya Digital Equipment Corporation ku Amereka, adatumiza uthenga umodzi kwa anthu pafupifupi 400 amene sadaupemphe. Iye sadali mbala, ankangofuna kugulitsa makompyuta, koma adalambula njira. Lero munthu mmodzi atha kumwaza mauthenga miyandamiyanda tsiku limodzi pamtengo wochepa zedi, ndipo mauthenga osapemphedwawa, amene pa Chingerezi amatchedwa spam, achuluka ngati zinyalala za m'ngalande mvula yoyamba ikagwa. Mbala silabadira kuti ambiri sakhulupirira. Mmodzi mwa anthu zikwizikwi akakodwa, tsiku lake layenda bwino.

M'chaka cha 2004, Bill Gates, mmodzi mwa amene adayambitsa kampani ya Microsoft, adauza msonkhano wa ku Davos m'dziko la Switzerland kuti vuto la spam lidzakhala litatha pomatha zaka 2. Zaka zoposa 20 zadutsa, vutolo lidakalipo. Ngati katswiri wa msinkhu umenewo adalephera kuyeza kuya kwa mbuna imeneyi, n'chifukwa chiyani anthu akuyembekezera kuti nkhalamba ya kumudzi iziilumpha nthawi zonse osagweramo?

Kuno ku Malawi msampha umenewu udapeza khwalala lalikulu pamene ndalama zidayamba kuyenda palamya. Airtel Money idayamba m'chaka cha 2012, ndipo Mpamba wa TNM udatsatira mu 2013. Palibe angakane ubwino wa njira zimenezi. Kale mwana wogwira ntchito ku Joni akafuna kutumiza ndalama kwa makolo ake, ankadikira munthu wodalirika wopita kumudzi kapena kudzera kupositi ofesi, ndipo pankapita masabata. Lero gogo wa ku Nthalire kapena ku Marka amalandira thandizo lochokera m'tauni tsiku lomwelo. Vuto ndi lakuti chida chidafika m'manja mwa anthu msanga kuposa maphunziro a kagwiritsidwe ntchito kake. Munthu amene adakula akudziwa kuti wakuba amathyola chitseko usiku kapena kupisa m'thumba padepoti, lero akuyembekezeka kuzindikira wakuba wopanda nkhope, woyankhula mwaulemu, amene amabwera dzuwa likuswa mtengo n'kuyamba ndi moni.

Oseka ali ndi zifukwa zawo, ndipo n'koyenera kuziyesa chimodzichimodzi. Choyamba, amati oberedwa ndi mbuli, anthu amene sadapite patali ndi sukulu. Mbiri ikutsutsa zimenezi. Pakati pa 2013 ndi 2015, Evaldas Rimasauskas wa ku Lithuania adatumiza maimelo ku makampani a Google ndi Facebook, akudzionetsa ngati kampani ina ya ku Taiwan imene inkawagulitsa zipangizo za makompyuta. Adalemba zikalata zabodza zoitanitsa malipiro, ndipo makampani awiriwa, amene ali ndi akatswiri osawerengeka, adamulipira ndalama zoposa madola 100 miliyoni. Bwalo la milandu ku New York lidamugamula kukakhala kundende zaka 5 m'chaka cha 2019. Mu March 2016, John Podesta, amene ankatsogolera kampeni ya Hillary Clinton pachisankho cha pulezidenti wa Amereka, adalandira imelo yooneka ngati yochokera ku Google, yomuuza kuti asinthe mawu ake achinsinsi mwamsanga. Idali nyambo. Makalata ake zikwizikwi adabedwa ndi kuwanditsidwa padziko lonse chisankho chili pafupi. Kumayambiriro kwa 2024, apolisi a ku Hong Kong adaulula kuti wogwira ntchito pakampani ina adatumiza madola pafupifupi 25 miliyoni atakhala pamsonkhano wa pakanema ndi anthu amene nkhope ndi mawu awo zidali za mabwana ake, chonsecho zonsezo zidali zopangidwa ndi makina. Kodi onsewa adali mbuli? Tsoka silinunkha, ndipo satifiketi siteteza munthu ku bodza lokonzedwa bwino.

Chachiwiri, oseka amati woberedwa amagwa chifukwa cha dyera. Apa pali kachoonadi ndithu, ndipo sikayenera kubisidwa. Ilipo misampha imene nyambo yake ndi dyera: uthenga wonena kuti munthu wapambana mphoto pampikisano umene sadalowe, kapena kalata ya mkazi wamasiye wa nduna ina yakunja wofuna kosungitsa chuma cha mwamuna wake. M'chaka cha 2012, Cormac Herley, wofufuza wa ku Microsoft, adafotokoza chifukwa chimene makalata a 419 amakhalira ndi nkhani zosamveka chotere. Bodza lachionekere limagwira ntchito ngati sefa: osamala amathawa pachiyambi pomwe, n'kutsala okhawo amene angatsatire mpaka kulipira, motero mbala sitaya nthawi yake pachabe. Zimenezi n'zoona. Koma wofuna chilungamo aonenso nyambo zimene zikugwira anthu ambiri m'midzi ndi m'matauni a dziko lino. Mayi wa tomato uja adakodwa ndi chifundo. Kholo limene lauzidwa kuti mwana wake wa kusukulu yogonera konko wakomoka ndipo pakufunika ndalama ya galimoto yopita naye kuchipatala, limakodwa ndi chikondi. Mnyamata amene wakhala zaka zitatu ndi satifiketi ya Fomu 4 m'sutikesi, nauzidwa kuti atumize kandalama kuti dzina lake lilowe pamndandanda wa olembedwa ntchito, amakodwa ndi umphawi. Mkulu amene waimbiridwa ndi munthu wodzitcha wa kukampani ya lamya, namuopseza kuti nambala yake itsekedwa lero lomwe, amakodwa ndi ulemu umene adaleredwa nawo wakuti wa muofesi satsutsidwa. Woseka anthu amenewa akuseka chifundo, chikondi ndi ulemu, zinthu zomwe makolo amalimbikira kuphunzitsa ana awo. Ndiponso ngakhale pamene dyera lilipo, mlandu sutembenuka. Munthu akaiwala kutseka khola, mbuzi n'kubedwa, mfumu imazenga wakuba, osati mwini mbuzi.

Chida chachikulu cha akamberemberewa ndi phuma. Iwo amadziwa kuti munthu akapatsidwa mphindi zochepa zoganiza kapena zofunsa mnzake, bodza lawo limasungunuka. N'chifukwa chake nkhani zawo zonse zimakhala za "pompano": wodwala ali pafupi kutsirizika, mwayi utha madzulo ano, akaunti itsekedwa ola lino. Paintaneti amachita monga msodzi. Amatumiza imelo yokhala ndi chizindikiro cha banki, yokhala ndi malo oti munthu adinepo, ndipo akadina amafika patsamba lofanana ndendende ndi la banki yake. Zonse zimene alembe pamenepo zimagwera m'manja mwa mbala. Ena amapempha nambala ya kanthawi ija imene banki kapena kampani imatumiza palamya potsimikizira mwini wake, ponamizira kuti yasochera. Kale bodza lotere linkadziwika ndi zilembo zolakwika ndi chiyankhulo chothyokathyoka, koma lero makina atha kulemba kalata yosalala ndiponso kutsanzira mawu a munthu. Msampha ukukhwimira tsiku ndi tsiku, choncho amene akunyada lero kuti sangagwidwe akunyadira nzeru za dzulo.

Pali funso limene oseka safunsa, chonsecho ndilo lofunika kwambiri. Kodi mbala idadziwa bwanji dzina la kholo lija, nambala yake, ndiponso kuti mwana wake ali pasukulu yakutiyakuti? Zinthu zimenezi sizigwa kuchokera kumwamba. Pazipata za maofesi ambiri pamakhala buku la alendo, lotsekula poyera, mmene aliyense amalembamo dzina ndi nambala yake, ndipo wobwera pambuyo atha kuwerenga kapena kujambula tsamba lonse. Mapepala ojambulidwa a ziphaso za unzika, zimene Amalawi oposa 9 miliyoni adalembetsa m'chaka cha 2017, amasiyidwa m'mashopu ndi m'maofesi popanda wowasamala, ndipo ena amakathera pokulungira chiponde. Makalata ofunsira ntchito, okhala ndi mbiri yonse ya munthu, amaunjikidwa m'makatoni kuseri kwa chitseko. Mlembi wina amatumiza imelo imodzi kwa anthu mazana, keyala ya aliyense ikuonekera kwa anzake onse. Nawo makampani akuluakulu akunja sadapulumuke. Kampani ya Yahoo idavomereza mu 2017 kuti pakuba kumene kudachitika mu 2013, maakaunti ake onse okwana 3 biliyoni adakhudzidwa. Anthu onsewo sadalakwe kanthu, adangosungitsa chinsinsi chawo kwa amene adalonjeza kuchisunga.

Makolo ankadziwa kulemera kwa chinsinsi cha kalata. Mphunzitsi wa m'mudzi akapemphedwa kuwerengera mayi kalata yochokera kwa mwamuna wake kumigodi, ankawerenga motsitsa mawu, ndipo zimene wawerengazo ankafa nazo. Kumatula envulopu ya mwini kudali chamanyazi chachikulu. Mwambo umenewu ndi umene wasowa pakati pa osunga mayina, manambala ndi makeyala a anthu masiku ano. Ngati pali woyenera kuchita manyazi munthu akaberedwa, woyamba ndi mbala, wachiwiri ndi amene adasiya khomo la chinsinsi cha mnzake lili pululu. Woberedwa sali pamndandanda umenewu.

Malamulo alipo. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo pamodzi ndi milandu ina ya paintaneti. Mu 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti nambala iliyonse ya lamya ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Mu 2024 lidayamba kugwira ntchito lamulo la Data Protection Act, lopereka udindo kwa onse osunga mbiri za anthu kuti azizisamala. Koma lamulo lilibe miyendo. Limayenda pokhapokha wina akalinyamula, ndipo wolinyamula ndi wodandaula. Mbala zimagwiritsa ntchito manambala olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena, ndipo apolisi akhala akunena kuti ena mwa oimba lamya zachinyengo amaimba ali m'ndende momwe. Kuti nambala yotere itsekedwe, pafunika wina aipereke kwa oyenera. Kuti ndalama zigwidwe zisanatapidwe kwa ajenti, pafunika wina athamange nthawi yomweyo. Munthu amene akuopa kusekedwa sathamanga. Amakhala m'nyumba masiku atatu akudziguguda pachifuwa, ndipo akamadzalimba mtima, nambala ija idatayidwa kale m'chimbudzi. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Koma amene adaichititsa manyazi mbewayo nayenso ayenera kufunsidwa.

Mwina wina anganene kuti kuseka ndi njira imodzi yophunzitsira, pakuti kuyambira kale nyimbo za pamtondo ndi nthabwala za pabwalo zakhala zikuwongola anthu. Zoonadi, chitonzo chimawongola waulesi ndi chidakwa, chifukwa khalidwe lawo limachitika poyera ndipo sangalibise. Kuberedwa palamya kumachitika munthu ali yekha, ndipo palibe angadziwe ngati mwini wake sanena. Pamenepa chitonzo sichiphunzitsa kusamala, chimangophunzitsa kubisa. Mudzi umene umabisa wodwala kolera umaika maliro ambiri. Makolo akale, fisi akagwira mbuzi usiku, mwini khola ankakuwa, ndipo amuna onse ankatuluka ndi mikondo ndi zibonga. Palibe ankaima pakhomo n'kumaseka kuti khola lidali lofooka, chifukwa aliyense ankadziwa kuti fisi amene walawa mbuzi pamudzi amabweranso mawa. Mfuwu wa woberedwa udali chitetezo cha mudzi wonse. Mbadwo uno wasandutsa mfuwu umenewo kukhala chinthu chochititsa manyazi, kenaka n'kumadabwa kuti afisi achuluka.

Ophunzira a kusekondale ali ndi udindo wapadera pankhani imeneyi, pakuti m'mabanja ambiri ndiwo amene amawerengera agogo mauthenga ndi kuthandiza makolo kutumiza ndalama. Iwo ayenera kudziwa, ndi kuphunzitsa kwawo, kuti nambala yachinsinsi siperekedwa kwa wina aliyense, ngakhale wodzitcha bwana wa kubanki, pakuti wa kubanki weniweni saifunsa. Uthenga ukanena kuti ndalama zalowa, mwini lamya ayambe wayang'ana yekha ndalama zimene zili mu akaunti yake, ndipo wolakwitsa nambala auzidwe kukadandaula kukampani, imene ili ndi njira yake yobwezera ndalama zosochera. Nkhani ya mwana wodwala ikamveka, kholo lidule lamya ndi kuimbira mphunzitsi pa nambala imene likuidziwa kale. Ntchito yeniyeni sigulidwa ndi ndalama yotumiza palamya. Imelo yokayikitsa isayankhidwe, chifukwa kuyankha kumadziwitsa wotumizayo kuti pakeyalapo pali munthu wamoyo. Mawu achinsinsi a imelo asafanane ndi a kwina kulikonse, popeza wolowa mu imelo ya munthu atha kutsekula makomo ake ena onse, ndipo wogwiritsa ntchito kompyuta ya anthu onse asachoke asanatseke akaunti yake. Koposa zonse, aliyense adziwe kuti kudula lamya ya mlendo wokakamiza si mwano, ndipo kufunsa mnzako usanatumize ndalama si kupusa. Safunsa adadya phula.

Komabe malangizo onsewa, ngakhale atasungidwa bwino chotani, sangatseke mipata yonse. Tsiku lina wina adzagwa ndithu, mwina mphunzitsi, mwina m'busa, mwina wophunzira yemwe uja amene amakhoza bwino m'kalasi. Pa tsiku limenelo padzaoneka ngati mudzi waphunzira kanthu. Woberedwa ayenera kulandiridwa monga amalandiridwira aliyense amene waona zovuta: apepesedwe, aperekezedwe kukampani ya lamya ndi kupolisi tsiku lomwelo, ndipo alimbikitsidwe kufotokoza zimene zamuchitikira kutchalitchi, kumzikiti, kubanki m'khonde ndi pabwalo la mfumu, mawu enieni amene mbala idanena ndi nambala imene idagwiritsa ntchito. Wofotokoza chotere athokozedwe, pakuti wagula ndi ndalama zake phunziro limene ena onse alandira ulere.

Mayi wa tomato uja akadalandiridwa chotere, pofika madzulo msika wonse ukadadziwa za bambo wa mawu aulemu ndi maliro ake abodza, ndipo lamya yake yotsatira ikadagwera m'makutu okonzeka. Koma anzake adasankha kuseka, ndipo sabata isanathe mmodzi mwa osekawo adatumiza ndalama za fizi ya mwana wake kwa munthu yemwe uja. Nayenso sadauze munthu, poopa phwete limene iye mwini adayambitsa. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.